Chipewa Chimene Chinakana Kuvulidwa

Mpaka lero ndikamva fungo la shuga wopserera mtima umandiwawa. Ndikuuzani zimene zinandionekera, museke, poti a kwathu ku Mkhumba anaseka kale mpaka kutopa.

Nkhondo yaikulu ija inali itangotha. M'mbali mwa msewu wopita kwa Chiwalo munali kakantini kaudzu ka a Jowakimu. Mchere, machesi ndi sopo zinalimo, koma chimene chinkaimitsa anthu ndi maswiti. A Jowakimu ankaphika shuga mumphika mpaka afiire, n'kuthiramo mtedza wokazinga. Akazi awo ankakhuthulira pa tsamba la nthochi n'kumadula ndi mpeni. Wogulitsa pazenera anali mwana wawo, Felesiya. Ine ndinkapitako kawirikawiri, osati chifukwa cha maswiti (chabwino, maswitinso), koma ndinkafuna kumukwatira mtsikanayo, ndipo iye ankadziwa.

Tsiku lina anandinong'oneza: "Mubwere Loweruka, abambo akuoneni nkhope musanatume ankhoswe."

Ndinabwereka chipewa kwa achimwene anga amene anali atangobwera ku Joni. Chinali chokhuthala, chamlomo waukulu, ndipo anandilumbiritsa kuti chisakhudze fumbi. Kabudula anali wangawanga, wamatumba obooka onse awiri. Dzuwa linali lija la Okutobala la kuchigwa kwathu kuno, loti ngakhale mbuzi zimakana kutuluka pansi pa nkhokwe.

Nditafika ndinavula chipewa ngati munthu woleredwa bwino. Felesiya anasuzumira uku ndi uku, n'kundipatira zidutswa zikuluzikulu za maswiti, zikadali zofunda.

"Bisani msanga, abambo akubwera."

Ndibise kuti? Mwamuna wodzafunsira mbeta sapezeka ndi maswiti m'manja ngati mwana wa sukulu, komanso maswitiwo sanagulidwe. Ndinangowaponya m'chipewa n'kuchikumbatira pachifuwa.

A Jowakimu anandipatsa moni wa Chilomwe, anandifunsa za kwathu, ndipo ndinayankha bwino ndithu, ine ndemwe ndinadzimva. Kenako anati, "Valani chipewacho, dzuwali si lamasewera. Tiyeni kuseri mukanditakasire mphika, ndione ngati manjawo ndi olimira kapena ongopatsira moni."

Mkulu akati vala, umavala. Ndinavala.

Kuseri kunali moto wa nkhuni zouma, pamwamba dzuwa, pakati ine ndi mthiko. Shuga safuna kusiyidwa, ukangopuma wapserera. Posakhalitsa ndinamva chinthu chikutsetsereka kuseri kwa khutu, pang'onopang'ono, osati ngati thukuta. A Jowakimu ankangoyamikira. "Mnyamatayu ndi wolimba, onani mmene akutulukira thukuta lofiira." Ine m'kati ndikupemphera kuti nthaka ing'ambike.

Titaphula mphika tinakhala pamthunzi, ndipo apa m'pamene zinthu zinaipirapo, chifukwa shuga akazizira amagwira ngati ulimbo. Nthawi yomweyo amayi ake a Felesiya anatulukira kuchokera kuchitsime. Mukudziwa mwambo wake: mpongozi ndi mkamwini sayang'anana kumaso, sayandikirana. Iwo anatula mtsuko n'kukaima kuseri kwa nkhokwe, ataphimba nkhope ndi nsalu, kudikira moni wanga. Ine ndinayenera kunjuta, kuvula chipewa, n'kuwomba m'manja.

Kunjuta ndinanjuta. Chipewa chinakana.

Ndinakoka pang'ono, nsidze zinakwera. Ndinakokanso, misozi inatuluka yokha. Ndinawomba m'manja chipewa chili pamutu ngati bwana wa msonkho.

"Ku Joni amapereka moni chonchi?" anafunsa a Jowakimu, mawu atasintha.

"Sindinapiteko, bambo."

"Nanga mwanowu mwautenga kuti?"

Ndisanayankhe zinafika njuchi. Pakantinipo zinkakhalapo kale chifukwa cha mphika uja, koma tsiku limenelo zinapeza mphika woyenda. Imodzi inandiluma pachikope, ina pakhosi. A Jowakimu anagwira mlomo wa chipewa ndi manja awiri n'kuyamba kukoka, ine ndikuwatsatira chokwawa bwalo lonse. Felesiya (mkazi amene ndinkati andisamale ndikadzakalamba) anagwera pa thumba la mchere, kuseka mpaka kusowa mpweya. Anthu odutsa mumsewu anatsika panjinga zawo.

Amene anandimvera chisoni ndi mayi aja. Anataya nsalu yophimbira nkhope n'kutuluka kuseri kwa nkhokwe.

"Musiyeni, mumusenda khungu mwana wa eni. Felesiya, leka kuseka, tenga lumo ndi madzi otentha."

Mayiwo anakhala pamphasa, anaika mutu wanga pamiyendo pawo, anadula chipewa cha achimwene m'zidutswa, n'kundimeta mpala. Manja awo anali ofatsa. Ankachotsa mtedza umodziumodzi n'kumati pepa, pepa. Ine ndi diso limodzi lotupa ndinkawayang'ana kumaso kwenikweni, munthu amene sindinayenera kumuyang'ana moyo wanga wonse, ndipo ndinayamba kudzilimbitsa mtima kuti mwina apongozi andikonda.

Anandikondadi. Atatha anandipukuta khosi n'kuuza amuna awo kuti, "Mutu umene ndaugoneka pamiyendo panga, ndaumeta ndi manja angawa, ndingauthawenso bwanji panjira? Uyu ndi mwana wanga. Ukamwini watha apa."

A Jowakimu anagwedeza mutu kuvomereza. Ndinayesa kunena kuti tsitsi limamera, koma iwo anali atabwerera kale ku mphika wawo.

Akulu amati ukabisa chinthu uziyamba waganiza kumene chidzatulukire. Ine phunziro limenelo linandifika mochedwa, mutu uli kale pambalambanda. Felesiya anandiperekeza mpaka pamsewu, maso ali ofiira ndi kuseka kuja. Ndinkayembekeza kuti anena kanthu koti ndigwirepo. Anandipatsa tsamba la nthochi kuti ndifunde kumutu, anagwada mwaulemu wonse, n'kunena kuti, "Muyende bwino, achimwene."