A Lackson ndi Makilo Awiri a Madzi

A Lackson Namathanga sankayankha moni waulere. Ukawapeza atakhala pa shedi ya sikelo, paja pamene othyola tiyi amayezetsa masamba awo, n'kunena kuti, "Mwadzuka bwanji a Lackson?" iwo ankakusuzumira pamwamba pa magalasi awo omanga ndi waya.

"Mizere 12, mzere uliwonse mitengo ya tiyi 30. Yonse ingati?"

"Ine ndangopereka moni, bambo."

"Moni wanu ndausunga. Yonse ingati?"

Ukalakwa, moniwo unkagona pomwepo mpaka mawa. Azimayi a kumalayini, kunyumba za antchito a pa esiteti, ankalolera kudula njira m'kati mwa tiyi, mame mpaka m'chiuno, kusiyana n'kudutsa pa shediyo. Mnyamata amene anabwera kudzafunsira mwana wawo Mervis anafunsidwa 7 kuchulukitsa ndi 8, iye n'kuyankha molimba mtima kuti 54. Anamubweza pakhomo. "Ziwiri zasowazo ukazifune kwanu ku Nchilamwela, ubwere nazo Lamulungu." Anabweradi, atalemba 56 pachikhatho, ndipo ukwatiwo ulipo mpaka lero.

Sukulu anailekezera Sitandade 4. Zaka makumi atatu ntchito yawo pa esiteti inali yokoleka matumba pa sikelo, ndipo akuti kalaliki asanamalize kudina kakyuleta, iwo amakhala atanena kale ansala n'kuyamba kuyasamula. Atapuma pantchito anatsegula patitaimu pa shedi yomweyo. Loweruka lililonse m'mawa ana a Sitandade 7 ndi 8 ankadzaza pasimenti, khoma n'kukhala bolodi, khala n'kukhala choko. Sankalipiritsa. Lamulo linali loti mwana aliyense abwere ndi nzimbe yophunzirira mafulakishoni. Ankaiduladula, theka, makota, zidutswa zisanu ndi zitatu, ndipo chotsala chilichonse chinkalowa m'thumba la jekete lawo.

"Agogo, imeneyo ndi yanga!"

"Rimenda ndi ya mphunzitsi. Pita ukafunse boma."

Tsopano ndinene za ine, ngakhale kuti pamenepa cholembera chikulemera. Dzina langa ndine Raphael, mphunzitsi pa sukulu ya pulayimale ya pa esitetipo. Chichewa ndi Soshozi ndimaphunzitsa ngakhale mutandidzutsa kutulo. Koma chaka chimene mnzathu wa masamu anasamutsidwa, ahedi anangonditula masamu a Sitandade 8 ngati akutula mtolo wa nkhuni. Sindinakane. Munthu wa satifiketi, wovala tayi, anganene bwanji kuti kugawa mafulakishoni kumamuzunguza mutu? Ndinkaima pa bolodi thukuta lili kamukamu, n'kumabwereza zimene buku lanena.

Tsiku lina mtsikana wina, Zulaika, mwana wa dalaivala wa lole wa ku Khonjeni, anakweza dzanja.

"Sala, n'chifukwa chiyani pogawa timatembenuza fulakishoni yachiwiriyo?"

"Chifukwa ndi lamulo."

"Lamulolo analiika ndani?"

"Iwe, lemba!"

Lamulungu lotsatira masana ndinapita kwa a Lackson, buku ndalibisa m'jumbo, ati ndikukagula mapeyala. Ndinayamba ndi nkhani za mvula, za mpira, za nthochi zimene zikutha ndi matenda. Iwo anandimvetsera mpaka anatopa.

"Aphunzitsi, jumbo la mapeyala silikhala ndi makona anayi. Tulutsani."

Anatenga nzimbe zitatu, iliyonse n'kuidula pakati.

"Zitatu, mwazigawa ndi theka. Matheka alipo angati?"

"Sikisi."

"Ndiye mwatembenuza chiyani apa? Mwangowerenga matheka basi. Kutembenuzako ndi njira ya anthu aulesi, koma imafika."

Ine, munthu wa zaka makumi anayi, ndinaseka ngati mwana. Kuyambira pamenepo Lamulungu lililonse ndinkakagula mapeyala. Mkazi wanga anafika podandaula kuti ana ayamba kuwathawa. Lolemba ndinkalowa m'kalasi chifuwa chili patsogolo, masamu ali m'manja, ndipo ahedi ankauza alendo kuti sukulu yathu ili ndi katswiri. Ine ndinkangoti, "Ndi chisomo," osaonjezera kanthu.

Zinthu zinasokonekera pa mayeso a moko, aja amene sukulu zonse za m'zoni zimalemba pamodzi pokonzekera mayeso enieni. Funso lina linati mayi wina anathyola tiyi masiku atatu mu Januwale, makilo 20, 24 ndi 25, ndiye tipeze avereji. Ansala yake 23, yosachita kufunsa. Ana athu 19 analemba 21. Onsewo anali a pa shedi.

Ochonga mayeso anati ana aonerana. Ndinaitana anawo mmodzimmodzi, ndipo aliyense anandiyang'ana ngati ine ndi amene ndapenga.

"Sala, paja ndi Januwale," anatero Zulaika. "Tiyi wa Januwale amakhala wonyowa. Kalaliki amachotsa makilo awiri a madzi ndi thumba pa sikelo iliyonse. Mayiwo sangalembedwe 20, alembedwa 18."

Mwana aliyense wa pa esiteti amadziwa zimenezo asanadziwe n'komwe kumanga nsapato, ndipo a Lackson samu iliyonse ya tiyi ankaiyamba ndi kufunsa kuti kunja kukugwa mvula kapena ayi. Koma wolemba mayeso tiyi amamuonera m'kapu. Nkhani inafalikira zoni yonse. Aphunzitsi a sukulu zina akandiona ankakuwa kuti, "A Raphael, malipiro anu achotsapo madzi?"

Ahedi anaitanitsa msonkhano wa makolo ndi komiti. A Lackson anabwera atavala jekete lawo la nzimbe lija, nakhala kumbuyo. Atandifunsa kuti monga mphunzitsi wa masamu ndifotokoze chimene chinachitika, ndikanatha kunena kuti ana anaganiza bwino, kungoti sitinawauze kuti m'mayeso simugwa mvula. Zinali m'kamwa ndithu. Koma ndinaona maso onse ali pa ine, ndipo ndinamva ndekha ndikunena kuti:

"Vuto ndi loti ana athu akusokonezedwa ndi anthu amene sanafike ngakhale Sitandade 5. Ife timamanga mkati mwa sabata, ena akugumula Loweruka."

Makolo anang'ung'udza movomereza. A Lackson anaimirira, chipewa chili m'manja. Mawu atatu okha, akuti "jumbo la mapeyala", akanandimaliza pamaso pa anthu onsewo.

"Ine ndikuti funsolo ndi limene linalakwa," anatero. "Ndani pano anaonapo tiyi wouma mu Januwale? Akweze dzanja." Anthu anaseka. Iwo anadikira kuti phokoso lithe, kenako anandiyang'ana. "Koma aphunzitsi sananame. Ine ndinalekezera Folo."

Anakhala pansi. Komiti inagamula kuti patitaimu ya pa shedi ithe, ndipo amene analemba chigamulocho m'buku la msonkhano ndine, chifukwa ndimalemba bwino.

Mukuganiza kuti ndinaleka kupitako? Patangotha masabata awiri, maperesenti anandikola. Ndinazungulira nyumba yawo kawiri ngati galu amene waba nyama. Anandiona pawindo.

"Lowani, aphunzitsi. Mapeyala atha nyengo, koma mpando ulipo."

Za msonkhano sanatchule, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Ine ndinkadziuza kuti ndipepesa sabata ya mawa, kenako kuti ndipepesa ana akalemba mayeso, ndipo ndikapempha komiti kuti iwabwezere ana awo. Paja amati manyazi anapha lambe. Loweruka ankapitabe pa shedi, atanyamula khala lawo, n'kukhala okha mpaka masana. Ine ndinkadzera njira ya m'tiyi.

Chiperoni cha chaka chimenecho chinawagwira pachifuwa. Anagona masiku asanu okha. Pamaliro panadzaza anthu, kuchokera kumalayini onse mpaka ku Chimaliro, ndipo pamene ankafuna woyankhula m'malo mwa sukulu, ahedi anandikodola ine. Ndinanena kuti malemuwa anali munthu wansangala, wokonda ana. Mawu oti masamu sanatuluke m'kamwa mwanga.

Masiku ano pa shedi anthu amangodutsa. Ukapereka moni umayankhidwa nthawi yomweyo, n'kupitirira ulendo, ndipo ambiri amati m'mawa wa pa esiteti sukomanso. Khoma lija analipaka laimu. Kalaliki watsopano ali ndi sikelo ya magetsi, koma azimayi amati akachoka pamzere sadziwa amene angamufunse ngati nambala imene yalembedwayo ili yoona.

Lolemba la pambuyo pa maliro, kutatsala masabata atatu kuti ana alembe mayeso, ndinalowa m'kalasi n'kulephera kutsegula buku. Ndinaika choko patebulo.

"Ana inu, ndili ndi mawu. Masamu onse amene ndakuphunzitsani chaka chino si anga. Ndinkakawatenga kwa agogo a Namathanga Lamulungu lililonse. Pamsonkhano paja ndinawachimwira, ndipo ndinakuchimwirani inunso."

Ndinadikira kuti adabwe. Ena ankangoyang'ana pansi, ena pawindo. Kenako Zulaika anaimirira, osakweza dzanja.

"Timadziwa kale, sala. Zimene ankatiphunzitsa Loweruka, inu munkabwera nazo Lolemba, ndi nzimbe zomwe."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Anatiletsa. Anati mphunzitsi amene akuphunzirabe sasekedwa, ndipo amene adzakusekeni asadzapondenso pa shedi. Ngakhale komiti itatseka patitaimu, anatiitana panjira n'kutiuza kuti lamulolo silinathe."

Ndinatembenukira ku bolodi ngati ndikufuna kulemba deti. Ndinaima choncho nthawi yaitali, msana uli kwa ana makumi asanu ndi limodzi, ndipo palibe ngakhale mmodzi amene anaseka.