Kubweza Ngongole Kunandiphera Dzina

Ku Chawama kuno kuli anthu amene anadya ngongole za anzawo n'kupukuta pakamwa, ndipo mpaka lero akuyenda momasuka, ena amatsogolera nyimbo kutchalitchi. Ine ndinabweza ngongole iliyonse pa tsiku lake, koma ndikafuna machesi ndimakagula ku komboni ina. Ndikuuzani mmene zinayendera, mwina mtima ungapepukeko (ngakhale ndikukayika).

Agogo anga anachokera ku Malawi kudzagwira ntchito ya njanji, ndipo chuma chokha chimene anatisiyira ndi lamulo lakuti pakhomo pathu sitikongola kanthu, ngakhale mchere. Kampani ya bambo itatsekedwa tinatsala ndi lamulolo basi. Ine ndinali nditamaliza sukulu, satifiketi ikupuma pansi pa matiresi, ufa ukukwera mtengo sabata ndi sabata, eni nyumba ayamba kutipatsa moni wouma.

Chiyembekezo changa chonse chinali pa Bana Mutale, mayi wogulitsa salaula, zovala zakaunjika zija. Iwo ankapatsa achinyamata belo pangongole kuti akagulitse n'kulipira pambuyo. Belo limodzi likanatisungira zipinda zathu ziwiri. Ndinapita kukawaona nditatsuka nsapato.

"Iwe mwaice, unakongolako kuli ndani?" anandifunsa ngati akufunsa kamwana.

"Kulibe, bamayo. Ise pa nyumba sitikongola," ndinayankha chifuwa chili patsogolo.

"Manje nizaziba bwanji kuti umabweza? Yenda ukapange zina. Nikamvela bantu bakamba bwino pali iwe, ubwele."

Ndinabwerera nditasokonezeka ndi nkhani yopanga dzinayi. Moyo wonse ndinkayesa kuti kusakongola ndi ulemu, osadziwa kuti kumsika munthu wosakongola ali ngati mlendo, palibe womuchitira umboni. Ndiye ndinakhala pansi n'kuganiza nzeru (ndikati nzeru, mundikhululukire). Ndinati ndizikongola ndalama, osaigwiritsa ntchito, mawa lake n'kubweza. Bambo sadziwa, palibe chotayika, dzina likukula.

Ndinayambira kwa Amake Joyi, a kantemba, kagolosale ka pakona pathu, amene anandidziwa ndikuyenda wopanda kabudula. Anandipatsa kandalama kapepala kakang'ono, kong'ambika pakona, komata ndi selotepi. Ndinakaika m'envulopu ya satifiketi, kotero kuti satifiketiyo inapeza ntchito yake yoyamba, ya ulonda. M'mamawa, mayiwo akungotsegula kumene, asanagulitse ngakhale switi, ndinali nditafika.

"Nabweza, amake Joyi."

Anakatembenuza, n'kuyang'ana selotepi ija. "Si yamene ija iyi?"

"Ni yamene iyo," ndinatero monyadira, ngati ndawabwezera mwana wosochera.

Kuchoka apo ndinalimba mtima. Ndinakongola kwa ba Tembo ogulitsa makala, kwa mayi wa vitumbuwa, kwa wometa tsitsi, n'kubwereranso kwa Amake Joyi kangapo. Aliyense ndinkamubwezera pepala lake lomwelo, m'mamawa, litawongoka bwino ndi matiresi. Masiku ena pakhomo tinkagonera tiyi wopanda shuga ndalama ya eni ili pansi panga, koma sindinaikhudze. Ndinkadziuza kuti wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, njala yake ndi ya kanthawi.

Chimene sindinaganizire n'chakuti nyengo imeneyo geni ya aliyense inali kufa. Magetsi ankazima tsiku lonse, wometa ankangopha ntchentche, vitumbuwa vinkagona m'beseni. Anthu analibe ndalama, nkhani inali yomweyo. Koma munthu akamawerengera m'chitini cha ndalama n'kupeza kuti zikuchepa, safuna kumva za chuma cha dziko. Amafuna dzina la munthu, ndipo ine ndinali nditangopanga langa.

Kwa amene simudziwa, kuli chinthu chotchedwa chitaka. Amati munthu amatenga ndalama yako, n'kukaichitira mankhwala, ikabwerera m'chitini imaitana zinzake zonse n'kupita nazo kwa iye. Tsopano taganizirani mnyamata wosagwira ntchito, wokongola ndalama osagula nayo kanthu, woibweza yomweyo mbandakucha. Ngakhale ine, akanakhala wina, ndikanamuloza chala.

Zizindikiro zinalipo, koma ine maso anali pa belo. Ndinaona khala ndi tsabola m'chitini cha Amake Joyi, n'kuganiza kuti n'zothamangitsira mphemvu. Ba Tembo anayamba kulandira ndalama yawo ndi kapepala ka nyuzipepala, ine n'kumati ndi ukhondo (ukhondo, kwa munthu wa makala). Nditaona kuti onse akundiyang'ana ndikamadutsa, ndinati dzina lapsa, tiyeni tikapakule.

Ndinabwereka jekete la bambo n'kupita kwa Bana Mutale. Atandiona anakokera kachikwama kawo ka ndalama kumsana.

"Namvela vonse," anatero. "Bakamba ati umabweza."

Ndinayamba kale kusankha belo ndi maso.

"Umabweza yamene ija unatenga. Mu nyumba mulibe unga, koma ndalama igona kwanu, ibwela m'mamawa yosadyewa. Imachita chani usiku wonse?"

"Imagona chabe, bamayo. Nenze kupanga zina, monga munakamba."

"Mwaice, muntu akakongola ni chifukwa ali na vuto. Amadya, amachedwa, amabisala ku chimbuzi, pambuyo abwela na tuma chenji tosiyana-siyana na nkhani zambili. Uyo ndiye muntu. Iwe sinikuziba. Na ba mbuya bako benze ba ku Malawi, mankhwala ya kuja tiyaziba."

Ndinafuna kunena kuti agogo mankhwala awo anali a chifuwa okha, koma ndinangotembenuka n'kuchoka. Belo langa linapita kwa mnyamata wina woyandikana nafe, amene theka la Chawama limamufuna pa nkhani za ngongole. Tsiku limenelo ndinalira ndithu, kuseri kwa msika, m'jekete la bambo.

Mwezi utatha eni nyumba anatilanda chipinda chimodzi. Ufa unatheratu. Ndinapeza ganyu wokumba ngalande, n'kulandira tindalama tanga tenitweni, ta thukuta. Ndinapita nato kwa Amake Joyi kukagula pamela, kaphukusi ka ufa wa tsiku limodzi.

Atangoona ndikutulutsa dzanja m'thumba, anatseka chitini.

"Bweza mu thumba."

"Ni yanga iyi, amake Joyi. Nakumba dilenji."

"Nakana." Anatenga pamela n'kuiika pansi pafupi ndi mapazi anga. Kenako anandiyang'ana, ndipo ndinaona kuti ndi chifundo chosakaniza ndi mantha. "Tenga, mukadye na batate bako. Koma napapata, usabweze."

Ndinawerama n'kutola. Imeneyo ndiyo ngongole yanga yoyamba yeniyeni, yobwera ndi njala monga ankafunira Bana Mutale, ndipo mwini wake anachita kundipempha kuti ndisadzaibweze.

Kunyumba bambo anayang'ana ufawo, n'kuyang'ana tindalama tija tidakali m'manja mwanga. Anthu a lamulo la agogo, amene sanakongolepo mchere, sanafunse kanthu. Anangoti ndiike madzi pa mbaula, ndipo tinadya.

Ngati pali phunziro, mwina ndi lakuti ukakongola uzidya ngati anzako. Ine sindingaliyese n'komwe, chifukwa m'Chawama muno palibenso wondikongoza.