Moni wa pansi pa galimoto

Anzanga kusukulu amadziwa kuti ndinavulalapo nthiti, koma ndinawauza kuti ndinaterereka kubafa. Lero ndingoulula, poti azimayi a ku Lufita, kumene ndimakhala, anaulula kalekale.

Ine ndine mphunzitsi wa sayansi. Kwathu ndi ku Mulanje, koma ntchito inandiponya kuno ku Chitipa. Ndili ndi kagalimoto kakale, kotsika kwambiri, kamene sikagwirizana ndi misewu yakuno. Titapita nako ku Misuku, kanabwerako ekizozi ikulendewera, ikukhula pansi paliponse pamene pali kamtumbira. Mayi akunyumba anati ndipite nako kugalaji. Ine ndinati, "Kumanga waya kokhako ndikavutitse amakaniko? Chimene ndikusowa ndi jeke basi." (Wolankhulayo ndi munthu amene sanamatepo ngakhale chubu cha njinga.)

Ndinapita kumsika kwa mkulu wina wogulitsa zitsulo zochokera ku Tanzania.

"Karibu, asambizgi," anatero, poti kuno aphunzitsi amatitchula choncho. "Jeke iyi njamphamvu. Koma mutengeso tuvisulo utu twa miyendo itatu. Jeke ntchito yake ni kukweza pera. Mukakweza, muikepo utu, ndiye mulowe pansi."

Ankaloza tizitsulo tochirikizira galimoto. Ndinaseka chamumtima. Ndinati awa ndi machenjera a amalonda, ukagula nsapato amafuna ugulenso polishi. Ndinakana.

"Basi, muike thabwa pansi pa jeke, dothi lanyowa. Na mwala kumatayala."

"Zonsezo ndimaphunzitsa m'kalasi, achimwene."

"Shauri yako, zanu zimenezo," anatero akundipatsa katundu wanga.

Loweruka m'mawa mayi akunyumba anapita kukwaya, ana ali nawo. Mvula inali itagwa masiku awiri otsatizana ndipo pabwalo panali pofewa. Thabwa ndinalifunafuna ndithu, koma lomwe ndinaliona linali la pathandala, lodzaza mbale, ndiye ndinangoti zisiye. Za mwala sindinakumbuke n'komwe. Ndinapopa jeke, galimoto n'kukwera bwinobwino. Ndinachotsa tayala lakumbuyo kuti ndipeze mpata, n'kuligubuduzira kutali. Kenako ndinayala katoni ndi kulowa chagada, ndikuimba kamluzu.

Waya woyamba ndinamanga popanda vuto. Ndili pa wachiwiri, ndinamva chitsulo chikulira kuti kwiii. Nditatembenuza mutu, ndinaona jeke itapendekeka, ikulowa m'dothi pang'onopang'ono. Ndinayesa kudzikoka, koma mpata umene ndinalowera unali utachepa. Mimba inakana kudutsa, ndipo lamba anakodwa pakachitsulo kena. Chifuwa chinayamba kumva kuzizira kwa galimoto. Abale, ndinachita mantha amene sindinachitepo chibadwire. Ndinaganiza za ana anga awiri, ndinaganizanso za kutalika kwa msewu wa ku Mulanje kwa munthu wopita m'bokosi.

Nthawi yomweyo ndinaona mapazi akubwera. Anali Mayi Nakaonga, eni nyumba imene timachita lendi, atasenza chimanga cha kuchigayo.

Apa muyenera kumvetsa. Kuno moni saponya ukudutsa. Nditangofika kumene ankandinena kuti ndine wamwano chifukwa cha "zikomo" wanga wothamanga, ndipo zinanditengera zaka kuti ndikonze mbiri imeneyo. Mayiwo anatula mtolo wawo, n'kugwada pafupi ndi miyendo yanga.

"Monire, asambizgi. Mwawuka uli?"

Munthu wanzeru akanakuwa. Koma ine, mphunzitsi wa sayansi, ndiuze mayi wolemekezeka kuti ndadzitchera ndekha ngati mbewa? Pakamwa panangodziyankhira pokha.

"Nawuka makora, kwali imwe, mama?"

"Makora. Amama akunyumba awuka bwanji?"

"Ali bwino." Kwiii.

"Nanga ana? Kamtsikana kaja chifuwa chinasiya?"

"Chinasiya, mama." (Changa ndiye chinali chitangoyamba.)

"Kumudzi mukumvako? Mvula ikugwa kumeneko?"

Mpweya unali ukulowa theka. M'maso munayamba kuchita tinyenyezi. Komabe, Mulungu andikhululukire, ndinawafunsanso za mwendo wopweteka wa bambo akunyumba kwawo, poti osafunsa n'kupanda ulemu. Iwo anafotokoza bwinobwino, kuyambira pabondo mpaka kuchidendene.

"Yewo, asambizgi, gwirani ntchito. Ine ndapita."

Nditaona mapazi aja akutembenuka, ulemu wonse unandithera. Ndinafuna kukuwa, koma chimene chinatuluka ndi kamawu kochepa. "Mama... ndikufa."

Anawerama n'kusuzumira. "Chiuta wane! Mukufa, ndiye mumandiyankha za mvula?"

Mfuu umene anakuwa unatulutsa azimayi m'nyumba zonse zapafupi. Panalibe mwamuna ndi mmodzi yemwe, onse anali kumunda. Wina anagubuduza mtondo n'kuugoneka pafupi ndi galimoto. Ena anasolola mtengo wa bulugamu pamulu wa milimo yomangira ya eni nyumba, n'kuulowetsa pansi, mtondo uli pakati. Azimayi anayi anaukanikiza kumapeto, galimoto n'kudzuka pang'ono. Mayi Nakaonga anandigwira akakolo n'kukoka ndi mphamvu zawo zonse. Ine ndinatuluka, koma buluku linatsalira m'mawondo chifukwa cha lamba uja. Atangosiya mtengo, galimoto inagwa kuti phii, pamene panali chifuwa changa.

Azimayiwo anayang'ana kumbali mwaulemu, koma mapewa awo ankagwedezeka. Wina anandiponyera chitenje.

Mayi akunyumba atabwera anapeza nkhani itawatsogolera kale pamsewu. Ndinkayembekeza mkuntho, koma sanakalipe. Anayang'ana galimoto itagwada, anayang'ana katoni yophwanyika pansi pake, n'kukhala pakhonde. Kenako anati, "Bambo a Chisomo, ndikanakawauza chiyani amayi anu? Kuti mwana wawo wafa akupereka moni?"

Nthiti zinapola patatha milungu itatu, ndipo pansi pa galimoto yokwezedwa ndi jeke yokha sindidzalowanso. Koma tsiku la ngozi lomwelo, atandiperekeza kuchipatala, namwino atandifunsa kuti ndili bwanji, ndinamva pakamwa panga pakuti, "Ndili bwino, kaya inu?"