Mkazi Wachiwiri wa a Sipoko

Ankati a Sipoko, okonza njinga aja, anali ndi akazi awiri, wa m'nyumba ndi wa kuseri kwa nyumba. Wa kuseriyo unali mtengo, mkuyu wosowa wa m'nkhalango za kugombe la nyanja yamchere, ndipo ankati wapamtima ndi ameneyo. Ine ndinkakhulupirira ndi khutu limodzi.

Nanga ndikanatani? Munthu ankapukuta masamba ake ndi kansalu, pamene malaya awo anali ngati munagona injini. Mbuzi ikangouyang'ana, ankaithamangitsa ndi pampu mpaka kumsewu. Kasitomala akatsamiritsa njinga pathunthu, ankamubwezera njingayo yosakonza.

Mizu ya mtengowo itang'amba khoma la bafa langa, poti tinali oyandikana nyumba, ndinapita kukadandaula.

"Achimwene, akazi anu aang'ono andilowera m'bafa."

"Ndiye muzisamba mutavala," anatero osadzutsa mutu.

"Chikhala nkhuyu zake timadya. Zimangoyoyoka zosapsa."

"Kachilombo kozipsetsa sikanafike kuno. Kali m'njira."

"Zaka makumi atatu?"

"N'kakang'ono. Mukufuna kakwere basi?"

Apo n'kuti akudzikanda m'mikono, poti utomoni wake unkawatulutsa zidzolo. Ife tinkati ndi chikondi.

A Sipoko atatisiya, pamalopo panangoti zii. Hamala osamveka, mbuzi zikuyenda mwamatama, matayala akale ali pamsomali pomwe anawasiya. Patatha mwezi ndinanola nkhwangwa n'kupita kwa mkazi wawo, ndikudziona ngati mpulumutsi.

"Alamu, ndabwera kudzakuchotserani mkazi mnzanu."

Ndinawapeza atakhala patsinde, kansalu kaja kali m'manja. Anayang'ana nkhwangwa, kenako ine.

"Khalani pansi, alamu, musanadzidule phazi. Mtengowu ndinabwera nawo ndine, m'chitini cha penti, pochoka kwathu. Anandizulira ndi bambo anga, nkhalango ija isanathe. Chaka choyamba mbuzi inaudya, ine ndinalira sabata yathunthu. Anzanuwo anati, 'Musalirenso, ndiziulondera.' Basi. Tsiku lililonse ankautukwana chapansipansi, ine ndikuwapaka mafuta m'mikono."

Nkhwangwa ndinaibisa kumbuyo ngati mwana wogwidwa akuba shuga. Bafa ndinasamutsa. Pampu ija tsopano ili kwa ine, ndipo mbuzi zayamba kundidziwa.

Mphekesera ija inali yabodza. Mtengowo a Sipoko sankaufuna n'komwe. Mkazi anali naye mmodzi.