A Amock Zimba ndi mapazi a pamwala

Malemu a Amock Zimba a kwa Chikomeni ankakayikira chilichonse. Ukawapatsa moni, "Muli uli, adada?" iwo ankayamba akuyang'ana m'manja.

Mvula ya 1994 itakokolola mchenga kumtsinje wa kumunda kwawo, pamwala panaoneka mapazi akuluakulu, ozungulira ngati beseni. A Amock anathamangira kwa mnansi wawo, a Ezron.

"Mwasema ndimwe! Mufuna nithawe, mutenge munda."

"Ine kusema mwala? Mpini wa khasu umanikanika!"

Mbiri itafika ku boma, kunabwera mayi wina wofufuza za miyala, a Annie. Anagwada pamwalapo, chimwemwe chitadzaza tsaya.

"Atate, iyi inali dainoso, chinyama cha khosi lalitali. Inaponda apa pali matope, anthu asanakhaleko."

"Anthu kunalibe? Nanga imwe anakuuzani ndani?"

"Mapaziwa. Onani, akumbuyo ndi aakulu, akutsogolo aang'ono. Inkayenda ndi miyendo inayi, ikudya masamba."

"Masamba? Fodya wanga!"

"Inatha kalekale."

"Malilo ake munapitako?"

A Annie anaseka, n'kuwaonetsa kuti panalibe mzere wa mchira, kusonyeza kuti nyamayo inkayenda itaukweza. Pambali panalinso mapazi a zinzake, ndiye kuti zinkayenda pagulu.

"Ehe!" anatero a Amock. "Kukweza mchila kuti zisasiye umboni, ndiponso pagulu. Ni mbava izi!"

Mayiyo atatulutsa ufa woyera woti adinde mapaziwo, a Amock anaona kuti munda wapita basi. Anakhala pansi m'phazi lalikulu, khasu pamiyendo, mpaka akazi awo, a Faides, anawabweretsera chakudya momwemo. A Amock anadzukamo pokhapokha a Annie atalumbira pamaso pa mudzi wonse kuti satenga mwala kapena dothi. Ngakhale apo, anawakutumula nsapato mayiyo pochoka, kuti asapite ndi dothi.

Kuyambira pamenepo ankasesa mwalawo m'mawa uliwonse, ati aone ngati pawonjezeka phazi latsopano. Atadwala mu 1998, anafunsa a Faides motsitsa mawu, "Koma zija zinali kupita kuti? Zinafika?"

Pano mchenga unakwiriranso mapazi aja, ndipo ng'ombe za a Ezron zimadutsapo popanda wozikalipira. A Faides akachedwa kuchigayo, amalowa pakhomo atakonzeratu yankho. Amaima pang'ono, chigayo chili pamutu, koma palibe wowafunsa kumene anali.