A Greenwell ndi Nyali Zophethira

Aliyense wa ku Woolwich amene anawadziwa malemu a Greenwell Masiye akukumbukira kuti ankadana ndi nyali zamachubu, zazitali zoyera zija. Mwina mawu oti kudana ndi aakulu, koma ena sindikuwapeza. Akalowa m'nyumba mwanu, moni ankabwera pambuyo. Choyamba dzanja linkapita pa switchi.

"Ikuphethira," ankatero. "Inu simukuiona, koma ikuphethira. Nyali yophethira ndi yabodza."

Kutchalitchi anazimitsapo pakati pa nyimbo, kwaya n'kumaliza ndime yotsiriza pamtima. Akazi awo, Mayi Etta, anangoyang'ana kudenga ngati bambowo ndi a munthu wina.

Chithawireni kumudzi kubwera kuno kwa azungu, chosangalatsa chawo chinali kalabu ya mfuti zampweya, m'chipinda chapansi pa holo ina. Kuwombera sankatha. Pepala loti alase linkatuluka lathunthu, lovutika linali khoma.

Cha m'ma 1980 kalabuyo inagula makina oyeza liwiro la chipolopolo. Ndifotokoze pang'ono: makinawa ali ndi timaso tiwiri toyang'ana kumwamba, ndipo chipolopolo chikadutsa, timaona mthunzi wake n'kutulutsa nambala. Lamulo la kuno limati mfuti yampweya ikapyola mphamvu inayake, imafuna laisensi.

Tsoka linagwera mnzawo, a Chisenga a ku Lusaka, oyendetsa basi. Atawombera, makina anati chipolopolo chawo chaposa ndege. Mlembi wa kalabu, mzungu wosaseka, anati ayesanso Loweruka, ndipo ikapyolanso, mfuti ipita kupolisi pamodzi ndi dzina la mwini wake.

"Ba Greenwell, nafa ine," anatero a Chisenga. "Nchito izasila chifukwa cha kamfuti kamene sikangapaye na nkhunda."

"Womberaninso, achimwene."

Anawomberanso. Ulendo uno makina anati chipolopolo n'chochedwa kuposa njinga.

"Mwaona? Mfuti ndi yomweyo. Makinawa akuwerenga kuphethira kwa chubu, osati chipolopolo chanu."

Loweruka a Greenwell anatsika basi atakumbatira batire yagalimoto ngati khanda, m'matumba muli mababu awiri agalimoto ndi mahang'ala awaya. Magetsi a batire saphethira, anatiuza. Anapempha mlembi kuti azimitse machubu, ndipo ndikukhulupirira kuti aka kanali koyamba m'moyo wawo kupempha. Anapachika mababu pamwamba pa timaso tija. A Chisenga anawombera, makina osatulutsa nambala ina iliyonse.

"Kuwala kwanyanya," anatero a Greenwell. "Pakufunika kamtambo."

Anayesa nyuzipepala, inayamba kufuka utsi. Mlembi anayang'ana wotchi. Apo a Greenwell anapisa m'jekete n'kutulutsa duku loyera la Mvano, la Mayi Etta, losita kale kudikira Lamulungu.

"Ba mayi baziba?" ananong'ona a Chisenga.

"Adziwa tikapambana."

Analitambasula pamahang'ala pansi pa mababu, kuwala n'kufewa ngati m'mawa wa mitambo. A Chisenga anawombera, nambala inatuluka. Anawomberanso, yomweyo. Mlembi anatenga mfuti n'kuwombera yekha, yomweyonso, kunsi ndithu kwa malire a lamulo. Anagwira chanza a Chisenga, kenako a Greenwell, ndipo ena amati anamwetulira. Ineyo sindinaone, choncho sindingatsimikize.

Chikondwerero chitakula, a Greenwell anati, "Bweretsani nanenso ndilawe."

Chipolopolo chinakwera m'mwamba n'kuboola duku pakati penipeni.

Kunyumba, Mayi Etta analikweza duku lija n'kuwayang'ana amuna awo kudzera pachibowo.

"Bambo a Ivy, ichi n'chiyani?"

"Mayi, duku lanu lapulumutsa munthu kupolisi."

"Nanga inuyo akupulumutsani ndani?"

Sabata imeneyo a Greenwell ankadyera kwa a Chisenga.

Anatisiya zaka zingapo pambuyo pake, nyengo yozizira. Titachoka kumanda tinasonkhana muholo yatchalitchi, machubu ali ngwee. Mayi Etta anali atavala duku lomwe lija, chibowo chili pamphumi, chosasoka. Abusa asanayambe pemphero, mayiwo anadzuka, n'kuyenda pang'onopang'ono mpaka pakhomo, n'kuzimitsa. Palibe anafunsa.

Masiku ano machubu a ku Woolwich amayaka mwaufulu, palibenso wowasokoneza. Kukalabu mababu aja akadalipo, pansi pake pali nsalu yogula m'sitolo, ndipo manambala sanama. A Chisenga akalowa m'nyumba ya munthu amaima kaye pakhomo, maso kudenga, n'kunena chapansipansi, "Iphethira iyi."