Khura Bhogeswar, Mlawamatope wa ku Moran

Anthu odya matope n'kulandirirapo malipiro, kuno ku Moran tinali naye mmodzi yekha: Khura Bhogeswar Chetia. Anzawo poboola zitsime za mafuta ankayeza matope pasikelo. Iwo ankayamba apisamo chala, n'kulawa, n'kutsinzina ngati mayi wolawa ndiwo za alendo.

"Mchere wakwera," ankatero. "Pansipo pali china chake chikubwera."

Si matope am'dambo ayi. Ndi aja amathira m'chitsime kuti kulemera kwake kupondereze gasi. Akapepuka, chitsime chimaponya theche, monga amanenera eni ntchito, ndipo mukachedwa kutseka chimaphulika. Pachitsime cha Khura sipanaphulikepo kanthu, ndipo amuna ambiri m'tauni muno adakali ndi nsidze chifukwa cha lilime limenelo.

Tsoka lake, Khura atapuma pantchito, ntchito inakana kupuma mwa iwo. Mphodza ya mkazi wawo Rupahi ankailawa ndi chala. "Yapepuka iyi. Singagwire gasi."

"Gasi wake uti?"

"Mudzamumva madzulo."

Supuni ikagwera mumphika, ankaletsa aliyense kupisamo dzanja. Ankapinda waya n'kuyamba kuwedza, monga amavuulira chitsulo chogwera m'chitsime, ana akulira ndi njala. Mpope wakubafa anaumangirira zotsekera zambirimbiri, akuti mtengo wa Khirisimasi, ngati uja amaika pamutu pa chitsime, moti mlendo ankabwerera osasamba. Padenga anapachikapo mwendo wa buluku lofiira woonetsa mphepo, chifukwa lamulo lawo linali limodzi: gasi akatuluka, thawira kochokera mphepo.

Wovutika anali mwana wawo Junali. Mnyamata wina wofunsira anabwerera pachipata atauzidwa kuti avale chipewa cholimba. Tsono Junali atakonda Pranjal, mphunzitsi wa ku Jorhat, Rupahi anawagwira amuna awo pakolala.

"Bambo a Junali, lero akuchimuna akubwera. Mukangotchula chitsime, ndikuponyani momwemo."

"Ngakhale atandifunsa?"

"Mudzati munali wogulitsa nsalu."

Ine ndinalipo, poti khonde lathu n'loyandikana ndipo tsikulo shuga anandithera mwadala. Alendo anafika, anatafuna tamulu, mtedza wolandirira alendo kwathu kuno, anamwa tiyi. Khura anali duu, thukuta kamukamu, manja atawakhalira. Bambo a Pranjal, a Loknath Saikia, nawonso anali chete ngati ali pamaliro. Azimayi okha ndiwo ankakoka nkhani.

Mwadzidzidzi kukhitchini mphika wa mphodza, wa chivindikiro chotseka kolimba, unatsekeka kabowo kotulukira nthunzi, n'kuyamba kulira fwiii, kenako phuu!

"Theche!" Khura analumpha. "Zimitsani moto! Nonse kochokera mphepo!"

Tiyi anatayika. Azakhali a mkwati anakalowa m'khola la abakha. Junali anangokhala pansi n'kuphimba nkhope, poona kuti banja lake lauluka ndi nthunzi.

Khura anasuzumira buluku lapadenga, n'kuliyatsa liwiro la kumitengo ya tamulu. Atafika anapeza munthu ali kale pomwepo, wefuwefu, akuwerenga mitu ya anthu ndi chala. Anali a Loknath.

"Mwachedwa, achimwene," anatero. "Akanakhala gasi weniweni bwenzi tikukunyamulani."

Khura anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Inu munali pati?"

"Pamwamba pa nsanja, kugwira mapaipi, ku Lakwa. Mayi a Pranjal anandilumbiritsa kuti ndizinena kuti ndinali wa positi ofesi."

"Ine wogulitsa nsalu!"

Anakumbatirana mpaka kulira. Ukwati unamangidwa pansi pa mtengo pomwepo, mphodza ikudonthabe kudenga, azakhali akutukwana pakati pa abakha. Lero Junali ali ndi ana awiri, ndipo wamkuluyo amalawa chilichonse ndi chala.

Khura anatisiya mvula yathayi. Potentha mtembo wawo kumtsinje, monga mwa mwambo wathu, ndinangoona kuti tonse, mpaka wansembe, taima kochokera mphepo popanda wotiuza. Wina anaseka, kenako tonse tinalira.

Mtengo wa Khirisimasi uja Rupahi anauchotsa, tsopano alendo amasamba. Koma buluku lapadenga litang'ambika, anakwerapo okha n'kupachika mwendo winawo. Dzana ndinawapeza kukhitchini akuvundula mphodza. Anapisamo chala, analawa, natsinzina.

"Yapepuka," anatero, akuyang'ana mpando wa Khura wopanda munthu. Kenako anawonjezeramo madzi, mwina kuti awaputeko.